Ulendo Woyamba wa ku Nkolimbo, pa Manda a Gomani Chikuse: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri oyenda pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amaidziwa Ntcheu ngati malo ogulirako mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato pawindo la basi. Amadutsa pafupi ndi manda a mfumu imene atsamunda anaiwombera mu 1896, koma osadziwa n'komwe. Kabuku aka talembera munthu amene watsimikiza mtima zokafika pamalopo koyamba, kaya pa tsiku la Umhlangano kapena tsiku wamba.

Kodi Nkolimbo ili pati kwenikweni?

Nkolimbo ndi mudzi wa m'dera la Inkosi Kwataine, m'boma la Ntcheu. Uli makilomita ochepa kunja kwa tawuni ya Ntcheu, chakufupi ndi msewu waukulu wa M1, m'chigawo chimene kuli Dombole ndi Chiole. Pamenepo ndi pamene pali chiliza cha Inkosi ya Makhosi Gomani Chikuse, amene amatchedwanso Gomani I, ndiponso bwalo limene Angoni a kwa Maseko amasonkhanapo chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano.

Ine ndimamva kuti kwa Gomani ndi ku Lizulu. Si komweko kodi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka. Ku Lizulu ndi kulikulu la ufumu, kumene kuli bwalo la Inkosi ya Makhosi Gomani V, amene anavekedwa ufumu mu 2012. Manda a Gomani I ali ku Nkolimbo, pafupi ndi boma la Ntcheu. Pakati pa malo awiriwa pali mtunda ndithu, si poti n'kuyenda wapansi. Mukangouza kondakitala kuti "ndikutsika kwa Gomani", akhoza kukutsitsani pamsika wa Lizulu ali ndi mtima woyera kuti wakuthandizani. Tchulani dzina lonse: ku Nkolimbo, pa manda a Gomani Chikuse.

Ndikuchokera ku Lilongwe. Ndiyende bwanji?

Kwerani basi kapena minibasi yopita ku Ntcheu, ku Balaka kapena ku Blantyre padepoti yaikulu ya ku Area 2. Kuchoka ku Lilongwe kukafika paboma la Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160, ndipo msewu wake ndi umodzi, wa M1, wopanda pokhotera. Mudzadutsa Nathenje, Linthipe, Dedza, kenako Lizulu ndi Mlangeni, n'kuyamba kutsetsereka cha ku Biriwiri. Pagalimoto yanuyanu ndi ulendo wa maola awiri ndi theka kapena atatu, ndipo sungani ndalama yolipira pachipata cha Kalinyeke ku Dedza. Paminibasi onjezerani nthawi, chifukwa imanyamuka ikadzaza ndipo imaima pamsika uliwonse.

Mabasi akuluakulu othamanga pakati pa mizinda iwiriyi ndi abwino, koma ena saima paliponse. Funsani musanadule tikiti ngati adzakutsitseni pa Ntcheu.

Nanga wochokera kummwera kapena kunyanja?

Wa ku Blantyre akwere ku Wenela, adzere msewu wa Zalewa. Akawoloka Shire pa Zalewa adzadutsa Phalula ndi Manjawira mpaka pa Chingeni, pamene pali chipata cholipirira galimoto chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2021. Kuchoka apo ndi kukwera pang'onopang'ono kudzera pa Kampepuza mpaka paboma. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 150. Wa ku Zomba kapena ku Mangochi adzere ku Liwonde ndi ku Balaka, adzalowa mu M1 pa Chingeni pomwepo.

Wa ku Salima ali ndi njira yachidule koma yofuna dalaivala wodekha: kufika pa Golomoti, n'kukwera phiri pamsewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka pa Masasa, kenako kukhotera kummwera. Msewuwu ndi wa phula ndipo mukacheuka mumaona chigwa chonse mpaka kunyanja. Musauyende usiku ngati simukuudziwa.

Nditsikire pati, ndipo ndikatsika nditani?

Malangizo athu kwa mlendo woyamba ndi akuti atsikire padepoti ya paboma la Ntcheu, ngakhale kondakitala atanena kuti akudziwa potsikira papafupi. Paboma pali anthu ambiri oti n'kuwafunsa, pali masitolo ogulamo madzi, ndiponso pali akabaza a njinga zamoto amene amadziwa ku Nkolimbo bwino lomwe. Gwirizanani mtengo musanakwere. Ngati mukupita tsiku wamba, m'pempheni wakabazayo akudikireni, kapena mutenge nambala yake kuti adzakutengeni pobwerera.

Mukafika m'mudzimo musalunjike kuchiliza ngati mukulowa mumsika. Perekani moni kwa amene mwawapeza, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, ndipo pemphani kuti akulozereni kwa amfumu kapena kwa akuluakulu osamalira malowo. Mawu ochepa okha monga akuti, "Zikomo bambo, ndife alendo, tabwera kudzaona pamene anagona Inkosi," amatsegula njira. Nthawi zambiri amene akuperekezeniyo ndi yemwenso adzakufotokozereni mbiri, ndipo kumuthokoza ndi kangachepe potsanzikana ndi khalidwe.

Gomani Chikuse anali ndani, ndipo anaphedweranji?

Funso ili ndiye mutu wa ulendo wonse. Amene wafika pamalopo osadziwa yankho lake amangoona chiliza n'kubwerera.

Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera kwa Africa, kumadera oyandikana ndi dziko la Eswatini, pa nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka. Ulendo wawo unali wosiyana ndi wa Angoni a Zwangendaba, amene zidzukulu zawo zili ku Mzimba ndi ku Chipata. A kwa Maseko anawoloka Zambezi motsogozedwa ndi Mputa, nayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania. Mputa atafa, Chidyaonga anawabweza kummwera, ndipo anadzakhazikika ku Domwe, dera limene lero lili ku Angonia m'dziko la Mozambique. Pambuyo pa Chidyaonga ufumu unapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa. Chikuse anamwalira mu 1891, ndipo mwana wake Gomani analowa ufumu adakali mnyamata.

Chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire awo, ndipo mzere umene anaujambula unadula dziko la Angoni pakati. Gomani anayamba ufumu wake pa nthawi yovuta kwambiri. Kunyumba kunali nkhondo yapachiweniweni ndi Kachindamoto. Kunja kunali boma latsopano la Angerezi limene linkafuna msonkho wa nyumba, komanso minda ya azungu ya ku Blantyre imene inkakoka anyamata kukagwira ntchito. Pafupi ndi Nkolimbo, ku Dombole, amishoni a Zambezi Industrial Mission anali atamanga siteshoni yawo, ndipo anthu ena a Gomani anayamba kuthawira kumeneko n'kumamvera amishoni koposa mfumu yawo.

Gomani anaona kuti ufumu ukumuchoka m'manja. Mu 1896 ankhondo ake anathira nkhondo midzi yozungulira mishoni, ndipo anthu anafa. Izi sitibisa, chifukwa mbiri yobisa mbali ina siphunzitsa kanthu. Boma la atsamunda, limene pa nthawiyo linkayendetsedwa ndi Alfred Sharpe, linatumiza asilikali. Gomani anagwidwa, ndipo pa 27 Okutobala 1896 anawomberedwa. Angoni amasimba kuti asilikali ankafuna kumuyendetsa ali womangidwa ngati kapolo pamaso pa anthu ake, iye nakana kupitirira. Pamenepo anamumangirira kumtengo n'kumuwombera. Anali atalamulira zaka zisanu zokha.

Mtima wokana kugonjawo sunathere pa iye. Mwana wake, Philip Gomani II, anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Atsamunda anamuchotsa paufumu, ndipo apolisi atabwera kudzamugwira anathawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi anamubweza. Anamwalira mu 1954, patatsala zaka khumi kuti dziko lino lilandire ufulu. Choncho pamene mwaima ku Nkolimbo mwaima pachiyambi cha nkhani imene inapitirira mpaka 1964.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti?

Zitengera chimene mukufuna. Ngati mukufuna kuona khamu, magule ndi mafumu, pitani pa Umhlangano, umene nthawi zambiri umachitika kumayambiriro kwa Seputembala. Tsiku lenileni amalengeza pawailesi ndi m'manyuzipepala chaka chilichonse, ndiye mvetserani musanakonze ulendo. Ngati mukufuna kumva mbiri modekha ndi kufunsa mafunso, tsiku wamba la m'chilimwe ndilo labwino, ndipo ife tingakonde kuti mlendo woyamba ayambe ndi limeneli. Pa tsiku la mwambo akuluakulu amakhala otanganidwa, ndipo pafupi ndi chiliza safikapo aliyense.

Miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri a Ntcheu kumazizira kwambiri, ndipo nkhungu imatseka msewu m'mamawa cha ku Lizulu ndi ku Mlangeni. Tengani juzi ngakhale mu Seputembala.

Pa Umhlangano pamachitika zotani?

Mwambo umayamba m'bandakucha, anthu ambiri asanafike. Inkosi ya Makhosi pamodzi ndi akuluakulu a ufumu amapita kumanda kukakhwisula, kupereka nsembe ndi kulankhula ndi makolo. Gawo limeneli si chionetsero. Mlendo aime pamene wauzidwa kuima. Dzuwa likakwera bwalo limadzaza. Mafumu a pansi pa Gomani, monga Kwataine, Njolomole, Mpando, Chakhumbira, Makwangwala, Ganya ndi Champiti, amafika ndi anthu awo. Kumabweranso alendo ochokera kwa M'mbelwa ku Mzimba, kwa Mpezeni ku Zambia, ku Angonia ndi kumayiko a kummwera.

Chimene simudzaiwala ndi gule wa ngoma. Amuna ovala zikopa ndi nthenga, chishango kudzanja lina ndi chibonga kapena nthungo kudzanja linalo, amaponda pansi mogwirizana mpaka fumbi kuti koboo, amayi akuwomba m'manja ndi kuthira nthungululu. Inkosi ikamalowa, bwalo lonse limafuula kuti "Bayethe!" Nyama ndi mowa wa masese sizisowa, poti Angoni ndi ng'ombe sasiyana.

Fikani m'mawa. Pofika chakumasana galimoto zimakhala zitathithikana m'mbali mwa msewu, apolisi akulondolera poimika, ndipo wochedwa amaimika kutali n'kuyenda wapansi. Pakhamu lotere sungani bwino foni ndi chikwama, ndipo ana agwireni padzanja.

Ine si Mngoni. Ndikalandiridwa?

Mukalandiridwa ndi manja awiri. Ufumu wa kwa Maseko unakula potenga anthu a mitundu yambiri m'njira yonse imene unadutsa, Achewa, Antumba ndi ena, ndipo chilankhulo cha tsiku ndi tsiku ku Ntcheu ndi Chichewa. Palibe adzakufunseni mtundu wanu pachipata.

Chimene chimafunika ndi ulemu. Kumbukirani kuti bwaloli lisanakhale malo a chikondwerero, ndi manda. Amayi avale chitenje. Abambo avule chipewa poyandikira chiliza kapena polankhula ndi mfumu. Musakwere kapena kukhala pachiliza, musalembepo dzina lanu, ndipo pemphani musanajambule chithunzi, makamaka cha mfumu kapena cha mwambo wa nsembe. Mukamva anthu akuitanana kuti a Ngozo, a Maseko, Nangozo, dziwani kuti akulemekezana ndi ziwongo zawo. Munthu akakuuzani chiwongo chake, muitaneni nacho, adzakondwa. Zovala za zikopa ndi mikanda zimagulitsidwa pa nthawi ya mwambo, koma funsani kaye musanavale, chifukwa zina n'zosungira mafumu okha.

Akuti msewu wa M1 uli m'malire. Ndiyenera kutenga pasipoti?

Ayi, ngati ndinu Mmalawi ndipo ulendo wanu ndi wa ku Nkolimbo basi; chiphaso cha unzika n'chokwanira poti panjira pali marodibuloko a apolisi. Zoona zake n'zakuti kuchokera cha ku Biriwiri kulowera ku Dedza, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni. Mukamapita ku Lilongwe, kumanzere kwanu ndi ku Mozambique, ndipo pamsika wa Lizulu anthu amagula ndi kugulitsa mbali zonse ziwiri. Foni yanu ikhoza kugwira netiweki ya ku Mozambique m'dera limeneli, choncho yang'anani musanaimbe. Wofuna kupitirira mpaka ku Ulongwe kapena ku Domwe adzere pachipata chovomerezeka, monga cha Biriwiri kapena cha Dedza, ali ndi mapepala oyenera.

Kogona ndi chakudya?

Paboma pali malo ogona alendo a mitengo yosiyanasiyana, koma sabata ya Umhlangano amadzaza msanga, ndiye sungitsani malo kudakali nthawi. Ena amagona ku Balaka kapena ku Dedza n'kulawirira. Mabanki ndi maejenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo paboma. Tapani ndalama musanapite kumudzi, ndipo mukhale ndi zosinthasintha zolipira kabaza. Mbatata ndi ndiwo zamasamba mugule pobwerera, pa Lizulu kapena pamphambano ya ku Tsangano.

Kodi ndi malo oyenera kupita ndi ana asukulu?

Kwambiri. Ana amaphunzira za John Chilembwe ndi kuukira kwa mu 1915, ndipo n'koyenera kutero, koma ochepa amadziwa kuti zaka 19 izi zisanachitike mfumu ina inali itaphedwa kale ku Ntcheu chifukwa chokana ulamuliro wa atsamunda. Sukulu za ku Ntcheu, ku Balaka ndi ku Dedza zingathe kupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Aphunzitsi, tumizani uthenga kwa amfumu a m'deralo masiku angapo ulendo usanachitike, kuti akakukonzereni wamkulu wodziwa mbiri, ndipo anawo atenge makope olembamo zimene akamve.