Nzeru nazo ndi katundu: phunziro la ATM, ng'ala ndi kamera ya pa foni

Amalonda anzathu, sabata ino tipumuleko pa mitengo ya tomato, usipa ndi kaunjika, tikambe za katundu amene sayalidwa pa benchi. Katunduyo ndi nzeru zopangira chinthu chatsopano. Nzeru zimagulidwa, zimabwerekedwa, zimabedwa, ndipo zili ndi chikalata chake cha umwini chotchedwa patenti. Nkhaniyi imatikhudza chifukwa pakati pathu pali okhoma mbaula, owotcherera zitsulo, okonza mafoni ndi ophika thobwa amene amatulukira njira zawozawo, kenako n'kudabwa kuona mnzawo akudyerera. Titenga zinthu zitatu zimene tonse timazidziwa, tione amene anazitulukira ndi zimene anapeza.

Kodi patenti n'chiyani?

Patenti ndi mgwirizano wa pakati pa wotulukira chinthu ndi boma. Wotulukirayo amalemba poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, osabisa kanthu. Boma nalo limamupatsa mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. Masiku ano m'mayiko ambiri mphamvuyi imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho. Zakazo zikatha, aliyense ali ndi ufulu wopanga chinthucho osalipira. Kuti boma livomere, chinthucho chiyenera kukhala chatsopano, chosachita kuonekeratu kwa aliyense wodziwa ntchitoyo, komanso chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Chinanso, patenti imagwira ntchito m'mayiko okhawo amene mwini wake anailembetsa.

Makina a ATM: wina anatchuka, wina analandira mapaundi 10

Pa 27 June 1967 banki ya Barclays inatsegula makina otulutsa ndalama pa nthambi yake ya ku Enfield, kumpoto kwa London. Makinawo anapangidwa ndi kampani ya De La Rue motsogozedwa ndi John Shepherd-Barron. Panalibe khadi ngati la lero. Kasitomala ankalowetsa kapepala kokhala ngati cheke, n'kulemba nambala yachinsinsi, makinawo n'kutulutsa mapaundi 10. Shepherd-Barron ankafotokoza kuti poyamba ankafuna nambala yachinsinsi ya manambala 6, koma mkazi wake anamuuza kuti iye angakumbukire anayi okha. Makinawo sanawalembetse patenti. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti kulembetsa kukanafuna kuti aulule poyera mmene chitetezo chake chimagwirira ntchito, ndipo akuba akanawerenga nawo.

Koma chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu May 1966, injiniya wina wa ku Scotland, James Goodfellow, anali atapereka kale pempho la patenti ya njira imene timagwiritsa ntchito mpaka lero: khadi lowerengedwa ndi makina, pamodzi ndi nambala yachinsinsi yolemba pa mabatani. Khadi ndi nambala zikagwirizana, ndalama zimatuluka. Vuto linali lakuti Goodfellow anali wolembedwa ntchito pa kampani ya Kelvin Hughes, ndipo umwini wa zimene anatulukira unali wa kampani. Iye anapatsidwa bonasi ya mapaundi 10 basi. Ulemu wa boma la Britain unadzamupeza mu 2006, patapita zaka 40.

Phunziro lake ndi ili: dzina likhoza kukhala lanu pa chikalata, koma ndalama zimatsata mgwirizano. Ngati mnyamata wanu wa pa shopu watulukira njira yatsopano yokhomera mbaula yosadya makala ambiri, nzeruyo ndi ya ndani? Ngati mwatenga chojambula chanu kupita nacho kwa wowotcherera kuti akupangireni chigayo chaching'ono cha mtedza, n'chiyani chimuletse kupangira ena mawa? Kambiranani ntchito isanayambe, lembani papepala, musainirane pamaso pa mboni. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lonjezo la pakamwa ndi fodya wa pachala.

Ng'ala: madokotala awiri, njira ziwiri

Ng'ala ndi matenda amene kagalasi kachilengedwe ka m'diso kamachita chifunga mpaka munthu kusiya kuona. Ambiri tili ndi agogo kapena makolo amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre. Pa opaleshoniyo madokotala amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kena kapulasitiki.

Kagalasi kapulasitikiko anakatulukira Harold Ridley, dokotala wa maso wa ku England. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaona kuti oyendetsa ndege amene tizidutswa ta pulasitiki ya pa zenera la ndege tinawalowa m'maso, maso awo sankatupa nato ngati mmene amachitira ndi zinthu zina zachilendo. Mu 1949, pa chipatala cha St Thomas' ku London, anayamba kuika kagalasi kopangidwa ndi pulasitiki yotereyo m'diso la wodwala. Ridley sanalembetse patenti, ndipo sanalemere nako. Madokotala anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka zambiri asanavomereze kuti njira yake ndi yabwino.

Ngakhale zinali choncho, magalasiwa anakhalabe odula kwa anthu osauka. Ku India, zipatala za maso za Aravind zinkavutika kugula magalasi ochokera kunja pa mtengo wa madola pafupifupi 100 limodzi. Mu 1992 anatsegula fakitale yawo ya Aurolab mumzinda wa Madurai, ndipo mtengo unatsika kufika pa madola osakwana 10. Lero fakitaleyi imatumiza magalasi kumayiko oposa 100. Apa mpamene wamalonda ayenera kutchera khutu: chinthu chikakhala chopanda loko ya patenti, opanga amachuluka, mpikisano umakula, mtengo umagwa. Wopambana amakhala amene amapanga chabwino pa mtengo wotsika.

Dokotala wachiwiri ndi Patricia Bath, wobadwira ku Harlem mumzinda wa New York mu 1942. Iye anatulukira kachipangizo kotchedwa Laserphaco Probe, kogwiritsa ntchito kuwala kwa laser pophwanya ng'ala kudzera pa kabala kakang'ono. Anayamba kuganizira ntchitoyi mu 1981, ndipo patenti inatuluka mu May 1988. Anakhala mayi woyamba wachikuda wa ku America, mwa madokotala, kulandira patenti ya chipangizo cha zachipatala. Werengani bwino zakazo: zisanu ndi ziwiri kuchokera pa ganizo kufika pa chikalata. Chikalatacho chinateteza dzina lake, moti palibe amene angalande mbiriyo. Komabe m'zipatala zambiri za m'mayiko olemera, njira yofala yophwanyira ng'ala idakali ya makina onjenjemera mwaliwiro kwambiri amene Charles Kelman anayambitsa mu 1967, ndipo m'mayiko osauka madokotala ambiri amachotsa ng'ala ndi zipangizo za pamanja chifukwa ndi zotsika mtengo. Patenti imatsekera ena panja, koma siyiitana makasitomala. Msika umasankha malinga ndi mtengo, kuzolowera ndi kupezeka kwa zipangizo.

Kamera ya pa foni: anagwira chikalata, anagwiranso msika

Foni ya Itel kapena Tecno imene mumajambulira katundu wanu n'kutumiza kwa makasitomala pa WhatsApp ili ndi kachipangizo kakang'ono kuseri kwa galasi la kamera. Kachipangizoka, kamene akatswiri amakatcha sensa, kali ndi timaso mamiliyoni angapo. Kaso kalikonse kamalandira kuwala n'kukusandutsa magetsi, ndipo foni imasonkhanitsa zonsezo kukhala chithunzi.

Mtundu wa sensa umene uli m'mafoni pafupifupi onse lero, wotchedwa CMOS, unakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndi Eric Fossum ndi gulu lake ku Jet Propulsion Laboratory, malo a kafukufuku a bungwe la NASA ku California. Cholinga chinali kupanga makamera ang'onoang'ono, opepuka ndi osadya batire, oti aziikidwa pa zombo zopita kuthambo. Mapatenti anali m'manja mwa sukulu ya ukachenjede ya Caltech imene imayendetsa malowo. Makampani akuluakulu sanathamangire nzeruyi msanga. Ndiye mu 1995 Fossum ndi anzake, kuphatikizapo Sabrina Kemeny, anatsegula kampani yawo ya Photobit, natenga chilolezo chogwiritsa ntchito mapatentiwo, n'kuyamba kupanga ndi kugulitsa okha. Mu 2001 kampani ya Micron inagula Photobit.

Kusiyana kwa Fossum ndi Goodfellow kuli apa. Onse awiri anatulukira zinthu ali pa ntchito ya eni. Koma Fossum anakambirana ndi mwini chikalata, natenga gawo lake, nalowa yekha mumsika. Nzeru, chikalata ndi malonda zinayendera limodzi.

Nanga ife titengepo chiyani?

Choyamba, musasokoneze zikalata zitatu. Patenti ndi ya chipangizo kapena njira yatsopano yopangira chinthu. Chizindikiro cha malonda ndi cha dzina kapena chithunzi chimene mumamata pa katundu wanu. Umwini wa nyimbo ndi mabuku ndi nkhani ina, imene kuno kwathu amayang'anira a COSOMA. Za patenti ndi zizindikiro za malonda mukafunse ku ofesi ya boma yolembetsa makampani, imene ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General. Palinso bungwe la ARIPO lomwe likulu lake lili ku Harare. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mamembala ake, ndipo pempho limodzi likhoza kufikira mayiko angapo amene mwasankha.

Chachiwiri, kwa ambiri a ife chotheka kuteteza ndi dzina. Patenti imafuna ndalama zolembetsera, katswiri wolemba chikalatacho, ndi zolipira chaka ndi chaka kuti isafe. Wina akaiphwanya, wokasuma ndinu, ndi ndalama zanu. Koma ngati mumagulitsa chiponde, uchi, tsabola wa m'botolo kapena sopo, makasitomala amatsata dzina la pa botolo. Lilembetseni wina asanakutsogolereni. Chizindikiro cha malonda sichitha ngati patenti, bola muzichilipirira nthawi yake ikakwana.

Chachitatu, ngati mwapangadi chipangizo chatsopano, musathamangire nacho kumsika kapena pa Facebook musanafunse. Chinthu chimene chaonetsedwa kale poyera kapena kugulitsidwa chikhoza kukanidwa patenti chifukwa sichilinso chatsopano, ngakhale woonetsayo ndinu mwini wake. Sungani kope lolembamo masiku, zojambula ndi zimene mwayesa.

Chachinayi, zina ndi bwino kungozisunga mumtima. Kampani ya Coca-Cola sinalembetse patenti ya kasakanizidwe ka chakumwa chake. Ikanatero, ikanaulula zonse, ndipo chitetezo chikanatha kalekale. Zokometsera za kanyenya wanu kapena kaphikidwe ka thobwa lanu n'chimodzimodzi: munthu sangazidziwe pongolawa. Sakanizani nokha kunyumba, wantchito azingolandira zosakaniza kale. Koma chinthu chimene mnzanu angagule, kuchimasula n'kuona mmene mwachipangira, monga mbaula kapena pampu, chinsinsi sichingachiteteze.

Chachisanu, mapatenti amene anatha ndi nkhokwe yaulere. Pa intaneti, malo monga Google Patents ali ndi zikalata mamiliyoni zokhala ndi zojambula za mapampu, zoumitsira zipatso, zigayo ndi maloko. Zimene nthawi yake inatha mukhoza kupanga osapalamula mlandu. Chimene simuyenera kutengera ndi dzina la kampani ya eni. Kupanga chinthu chofanana ndi chakale n'kololedwa, koma kumatapo dzina la Samsung kapena Nokia ndi chinyengo, ndipo katundu wotere akhoza kulandidwa muli naye pa benchi, mpamba wonse n'kupita.

Chomaliza ndi cha pooda katundu. Mawu akuti patenti olembedwa pa bokosi sakutanthauza kuti chaja, tochi kapena sikelo imeneyo ndi yolimba. Amangotanthauza kuti wina akuti nzeruyo ndi yake, ndipo nthawi zina amangolembapo mwabodza. Za kulimba ndi chitetezo amaona ndi a Malawi Bureau of Standards. Yesani katundu musanalipire, pemphani lisiti, ndipo funsani ngati amalola kubweza chikapezeka chakufa.

Ntchito ya sabata ino

Tengani kope lanu la malonda, mulembe mayankho a mafunso atatu awa. Kodi mu bizinesi yanga muli chiyani chimene anzanga a mzere womwewu alibe: dzina, kaphikidwe, chipangizo, kapena kumene ndimaoda? Ndani winanso amene akuchidziwa, ndipo tinagwirizana zotani? Akachoka mawa n'kukatsegula benchi yake pafupi ndi yanga, nditsala ndi chiyani? Ngati yankho la funso lachiwiri ndi lakuti tinangokambirana pakamwa, gulani pepala lero, muitane mboni ziwiri za mu komiti ya msika, mulemberane. Mitengo ya mbewu tidzapitiriza sabata ya mawa.