Jeke Isakudyereni Galimoto: Mafunso ndi Mayankho

Wowulutsa: Makalata a lero achokera ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo amakaniko athu ali nafe muno. Yoyamba alemba ndi bambo oyendetsa Sienta pakati pa Mponela ndi Ntchisi boma. Akuti: "Ndinagula jeke yaikulu ya matayala ngati ya ku galaja. Nditakweza galimoto, chitsulo chopyapyala cha kunsi kwa zitseko chinapindika. Kodi jekeyo ndi yachabe?"

Makaniko: Zikomo bambo, jeke yanu ilibe mlandu. Chomwe chapindikacho ndi msoko. Galimoto ngati Sienta, Probox, Vitz ndi Passo zilibe chesisi chapadera monga Hilux kapena Land Cruiser. Thupi lake ndilo chigoba chake, ndipo pamsokopo ndi pomwe malata a pansi ndi a m'mbali anawapanikiza pamodzi n'kuwawotcherera madontho madontho. Jeke yobwera ndi galimoto kawirikawiri imakhala ndi mpata pamutu, msoko umalowamo. Yanuyo mutu wake ndi kambale kachitsulo, choncho galimoto yolemera kuposa tani imodzi imatsamira pa mlomo wopyapyala. Ulekerenji kupindika?

Chitani izi. Gwadani muyang'ane kumbuyo kwa tayala lakutsogolo ndi kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Pamsokopo muona timano tiwiri tosemedwa. Pakati pa timanoto ndi pomwe analimbitsa, ndipo jeke malo ake ndi amenewo basi. Kenako pezani chidutswa chochindikala cha tayala la lole, kapena thabwa lolimba, muchisemere ngalande yofanana ndi mpata wa jeke yobwera ndi galimoto. Ngati ndi thabwa, ngalandeyo idutse mopingasa mitsempha ya mtengo, kupanda kutero ling'aluka galimoto ili m'mwamba.

Wowulutsa: Amayi ena a ku Malomo ali ndi Probox yonyamulira soya ndi mtedza. Akufunsa: "Kwathu kuno n'kumapiri. Tayala likaphwa pamtsetse, titani?"

Makaniko: Amayi, funso lanu likukhudza moyo wa munthu. Musakweze galimoto pamtsetse. Isendezeni pang'onopang'ono mpaka pamalo osalazika. Kuli bwino tayala liwonongeke kusiyana ndi kuti galimoto igwere mwana wanu. Kokani handibuleki, ikani giya loyamba kapena P, tchingani matayala otsalawo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu onse atsike, matumba atsitsidwe. Manati muwamasule pang'ono tayala likadali pansi, chifukwa kulimbana nawo galimoto ili pajeke kumaigwedeza.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: jeke ya matayala ikamakweza, imayenera kumayenda pang'ono kulowera kunsi kwa galimoto, popeza mkono wake umakwera mozungulira. Pa dothi lofewa la m'dzinja timatayala take timatitimira, ndiye m'malo moyenda imakoka galimoto chammbali. Msoko umapindikira pamenepo, mwinanso galimoto kupulumuka. Muziyenda ndi thabwa lalikulu loyalira pansi pa jeke.

Wowulutsa: Mnyamata wophunzira umakaniko ku Madisi akuti: "Msoko ukapindika kale, si nkhani ya maonekedwe chabe? Nanga ndani amasuzumira kunsiko?"

Makaniko: Achimwene, amasuzumirako ndi madzi. Msoko ukapindika, penti imasweka ndipo malata aja amayasamula. Kuyambira Novembala mpaka Epulo matope a katondo amakanirira m'menemo, amasunga chinyezi, dzimbiri n'kuyamba kudya chamkati. Pakapita zaka, jeke imangoboola, ndipo pangozi mbali imeneyo siteteza okwera monga kale. Uwongoleni pang'onopang'ono ndi pulayala yogwira mwamphamvu, palani dzimbiri ndi bulashi ya waya, pakani penti yoletsa dzimbiri. Timabowo totulutsira madzi tili m'munsimo musatitseke. Ngati madontho owotcherera aduka, pitani nayo kwa owotcherera, musangomata.

Ndipo poti mukuphunzira ntchito, imvani ichi: jeke ntchito yake n'kukweza, osati kusunga galimoto m'mwamba. Mphira zam'kati zikatha, mafuta amathawa ndipo imatsika osachenjeza. Musanalowe kunsi ikani masitandi achitsulo. Njerwa ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Mukakhala panjira, tayala lomwe mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto, komabe mutu wanu usalowemo.

Wowulutsa: Mawu otsiriza kwa omvera?

Makaniko: Musadikire tayala liphwe usiku pa msewu wa Lumbadzi kupita ku Dowa. Mawa m'mawa gwadani, pezani timano tija mbali zonse zinayi, semani mphira yanu, muiike pamodzi ndi thabwa m'buti. Amene amakuyendetserani galimoto muwaonetsenso.