Chitetezo cha M'thupi mwa Nkhuku ndi Katemera wa Chitopa

Mawu oyamba

Chitopa, chomwe m'madera ena amachitcha chideru, chimatha kupulula pafupifupi nkhuku zonse za m'mudzi pa masabata ochepa. Alimi ambiri amafunafuna katemera nkhuku zitayamba kale kufa, ndipo zikapitiriza kufa amati katemerayo ndiye wazipha. Mlangizi wodziwa momwe thupi la nkhuku limalimbanira ndi matenda angathe kuthetsa chikayiko chotere.

Momwe thupi limadzitetezera

Kachirombo ka chitopa kamalowa kudzera m'mphuno, m'maso ndi m'kamwa. Kawirikawiri zizindikiro zimaoneka patapita masiku 5 kapena 6, koma nthawi zina zimachedwa mpaka masiku 15. Thupi likazindikira mdaniyo, maselo oyera a m'magazi, omwe anthu amawatcha asilikali a m'thupi, amapanga timapuloteni totchedwa ma antibodi. Timeneti timakakamira kachirombo ndi kukalepheretsa kulowa m'maselo. Ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena masabata awiri, pomwe kachirombo kaukali kamapha nkhuku nthawiyi isanakwane.

Katemera ndi kachirombo ka chitopa komweko koma kofatsa. Kamaphunzitsa asilikali kuzindikira mdani iye asanafike. Nkhuku yomwe kachirombo kaukali kalowa kale m'thupi mwake singapulumutsidwe ndi katemera.

Zomwe ofufuza anapeza

Mu 1956 Bruce Glick ndi anzake a ku Ohio State University, ku America, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anapiye ochotsedwa kathumba kotchedwa bursa, komwe kali pamwamba pa potulukira zitosi, amalephera kupanga ma antibodi. Maselo opanga ma antibodi amatchedwa maselo a B potengera kathumbaka, ndipo dzinali limagwiranso ntchito pa anthu. Ofufuza anapezanso kuti kuseri kwa diso la nkhuku kuli kachiwalo kodzaza ndi maselo oterewa. N'chifukwa chake katemera wodonthezera m'diso amagwira bwino ntchito kuposa wothira m'madzi akumwa.

Katemera wa I-2 anakonzedwa ndi Peter Spradbrow ndi anzake a ku University of Queensland, ku Australia, mothandizidwa ndi bungwe la ACIAR. Amachulukitsidwa m'mazira okhala ndi mwanapiye, ndipo amapirira kutentha kuposa akatemera ena a chitopa. Pakati pa 2002 ndi 2005 ntchito yolimbana ndi chitopa kumwera kwa Africa inathandiza Malawi, Mozambique ndi Tanzania kupanga ndi kugwiritsa ntchito katemerayu. M'Malawi ntchitoyi inachitikira ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe.

Kuyeza chitetezo mu labotale

Kachirombo ka chitopa kamaunditsa maselo ofiira a magazi a nkhuku, koma ma antibodi amaletsa kuundanako. Choncho akatswiri amatenga madzi a magazi a nkhuku yotemera, n'kuwasungunula theka ndi theka, kenaka n'kuwasakaniza ndi kachirombo komanso maselo ofiira. Ngati madziwo akuletsabe kuundana atasungunulidwa gawo limodzi mwa magawo 8, nkhukuyo imatengedwa kuti ndi yotetezeka. Kuyeza kotere kumasonyezanso kuti ma antibodi amachepa pakapita miyezi ingapo.

Zofunika kuuza alimi

1. Nkhuku zitemeredwe mwezi umodzi nyengo yomwe chitopa chimabuka m'deralo isanafike.
2. Nkhuku iliyonse, yaikulu kapena mwanapiye, ilandire dontho limodzi m'diso.
3. Katemera abwerezedwe miyezi 4 iliyonse, popeza chitetezo chimachepa ndiponso anapiye atsopano amakhala ataswedwa.
4. Nkhuku zodwala zisatemeredwe. Zipatulidwe ku zinzake.
5. Katemera asungidwe pozizira. Paulendo botolo likulungidwe m'nsalu yonyowa ndi kuikidwa m'dengu, kutali ndi dzuwa.
6. I-2 amateteza chitopa chokha. Nthomba ya nkhuku ndi gumboro zili ndi akatemera akeake.

Mlangizi alembe tsiku lotemera ndi chiwerengero cha nkhuku za khomo lililonse. Nkhuku zikafa pasanathe masabata awiri chitemereni, afotokozere mlimi kuti chitetezo chinali chisanakhwime. Zikafa pambuyo pake, adziwitse alangizi a ziweto msanga kuti ayeze ndi kupeza chomwe chazipha.