Agogo Akamati "Ndili Bwino" Koma Thupi Likutha

Kapepala aka ndi ka mabanja a m'makomboni a m'mafamu a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi, Tengwe ndi Banket mpaka ku Mvurwi, Glendale, Shamva ndi Macheke, kumene Chichewa chikumvekabe pakhomo ngakhale ana akatuluka panja amasewera m'Chishona. Nkhani yake ndi ya wamkulu wa pabanja amene nonse mukuona kuti akudwala, koma mwiniwake akukanitsitsa. Lamba waboolanso kabowo kena. Nsima akungoibudula kawiri n'kusamba m'manja. Usiku akutsokomola mpaka oyandikana nawo akumva. Mukafunsa, yankho ndi limodzimodzi: "Ndi fumbi la fodya ili, ndakhala nalo zaka zambiri."

Mwina ndi fumbidi. Koma chifuwa chimene chadutsa masabata 2, makamaka chikabwera ndi kuwonda, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kutentha thupi kapena magazi m'makhololo, chiyenera kuyezedwa ngati si chifuwa chachikulu, chija timati TB. Matendawa amachizika ngakhale pa munthu wokalamba. Chimene chimapha ndi kuchedwa.

Chifukwa chake akukana

Musanatsegule pakamwa, yambani mwadziwa munthu amene mukufuna kumuyankhula. Ambiri mwa akuluakuluwa ndi ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete kapena ku Chipata, ena polembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, ena pa malole a Ulere, ena wapansi ndithu. Enanso anabwera okha ali anyamata m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Moyo wawo wonse nyumba ya pakomboni inkayendera limodzi ndi ntchito. Wodwaladwala ankadziwa kuti kapitawo akumuona, ndipo ntchito ikatha denga nalo latha. Munthu woleredwa motero anaphunzira kumeza ululu n'kulawirira kubalani ngati palibe kanthu. Kenaka chinafika chaka cha 2000, mafamu anasintha eni, ambiri anatsala opanda ntchito yokhazikika, opanda munda wawowawo, opanda mudzi wobwererako. Pamene agogo akunena kuti ali bwino, nthawi zambiri akutanthauza kuti, "Sindikufuna kukhala katundu wanu, ndipo ndalama ya basi ndikudziwa kuti palibe."

Palinso mantha ena amene satchulidwa. Anaona anzawo akuwonda n'kumwalira m'zaka zimene ma ARV kunalibe, ndipo kwa iwo kuwonda kuli ndi dzina limodzi lokha, dzina lochititsa manyazi kwa mkulu wa mpingo, shehe kapena munthu amene amaweruza milandu ya pakomboni. Ena amati chipatala n'kofera, poti onse amene anawaona akutengedwa pangolo atafooka kale sanabwerere. Ena amakhulupirira kuti ndi tsempho kapena mdulo, kuti wina m'nyumba sanasunge mwambo, ndipo zimenezo jekeseni sangazithe.

Ndiponso akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu amene wakhala akuzimitsa moto wa anzake zaka zonsezi savomera msanga kuti wake womwe wayaka.

Asankheni bwino wokayankhula

Apa ndi pamene mabanja ambiri amaphonya. Mawu amakhala oona, koma pakamwa potulukira mawuwo ndi polakwika. Mkamwini kapena mtengwa sangakhale maso ndi maso ndi apongozi ake n'kuyamba kufunsa za thukuta la usiku kapena za mkodzo. Mwana wawo weniweni akhoza, koma kawirikawiri amabwera ndi mtima wapachala, atangotsika basi yochokera ku Harare kapena ku Joni, n'kuyamba kulamula ngati akuyankhula ndi mwana. Bambo akangomva kuti akulamulidwa pakhomo pawo, nkhani yathera pomwepo.

Mwambo wathu unasiya makomo otsegula. Msuweni amatha kunena mwanthabwala zimene wina aliyense sangayerekeze. Anansi athu Achishona ali ndi sahwira, ndipo akuluakulu ambiri a m'mafamu ali naye wawo, ameneyo akhoza kunena kuti, "Iwe mdala, ukufuna undivutitse kukumba manda mvula ino?" onse n'kuseka, koma mawu atalowa. Mdzukulu nayenso ali ndi ufulu wocheza ndi agogo ake momasuka. Mlongo wawo wa agogo, mnzawo wa kubungwe la maliro, mkulu mnzawo wa ku CCAP, wa kumzikiti kapena wa kudambwe, onsewa mawu awo amalemera. Woposa onse ndi munthu wa msinkhu wawo amene anadwalapo TB, anamwa mankhwala n'kuchira, ndipo lero akupalasa njinga. Pafupifupi komboni iliyonse ili naye wotero. Mupempheni adzacheze.

Kwa agogo aakazi, tumani mayi mnzawo kapena namkungwi. Mayi amene anasiya kusamba kalekale akayambanso kuona magazi kapena kumaliseche kukamatuluka zonunkha, sangauze mwana wake wamwamuna ngakhale zitavuta chotani. Chizindikiro chimenecho sichofunika kuchidikirira. Apite akayezedwe khomo la chiberekero, ndipo m'zipatala za boma ntchitoyi imadziwika ndi dzina loti VIAC.

Musaiwale mlangizi wa zaumoyo wa pafamu kapena wa m'mudzi. Amadziwa masiku amene kiliniki imalandira makhololo, ndipo akabwera ngati mlendo wodzazonda, agogo sachita naye makani ngati amene amachita ndi ana awo.

Kayankhulidwe kake

Musawaitanire bwalo. Banja lonse likawazungulira, munthu wamkulu amateteza ulemu wake, osati mapapo ake. Akhale awiri kapena atatu basi, nthawi yoti adya ndipo sanamwe mowa. Khalani pansi, kutsika kuposa iwo. Yambani ndi moni wathunthu, za mvula, za mbewu, kenaka nkhani.

Nenani zimene mwaona, osati dzina la matenda. Kunena kuti "Muli ndi TB" ndi kuweruza, ndipo inu si dokotala. Koma mukati, "Bambo, chikhalireni Khirisimasi jekete lija likukukulirani, ndipo usiku sitikugona pomva chifuwa chanu. Ife tikuda nkhawa," palibe chimene angatsutse. Mukatero khalani chete. Alekeni ayankhe, ngakhale ayambe ndi mkwiyo. Afunseni kuti, "Inuyo mukuona ngati n'chiyani?" ndiponso "Chimene chikukudetsani nkhawa kuchipatalako n'chiyani?" Yankho lake ndi limene lidzakuuzeni chochita. Ngati ndi ndalama, auzeni kuti ya ulendo yasonkhedwa kale. Ngati ndi mbuzi ndi dimba, tchulani dzina la amene aziyang'anira. Ngati ndi manyazi, lonjezani kuti nkhaniyi situluka m'nyumba, ndipo musunge lonjezolo.

Pemphani chinthu chaching'ono. Musanene zokagonekedwa. Nenani kuti, "Tiyeni akangoona makhololo okha, tibwerako lero lomwe." Kumeneko si kuwanyengerera ndi bodza: ambiri odwala TB amamwera mankhwala kunyumba.

Akanena za tsempho, musalimbane nawo. Simungagwetse ndi mawu a tsiku limodzi chimene munthu wakhulupirira zaka 70. Ingonenani kuti, "Zimenezo akuluakulu aziona, koma makhololo nawo akayezedwe." Chofunika n'chakuti ngati akumwa mankhwala azitsamba, anesi auzidwe, chifukwa mankhwala a TB amadutsa m'chiwindi ndipo zitsamba zina zimachilemetsa.

Mawu amene amagwetsa makani ambiri ndi a zidzukulu. TB imayenda mumpweya, ndipo m'kachipinda kamodzi ka pakomboni mmene agogo amagona ndi ana, amene ali pangozi kwambiri ndi mwana wosakwana zaka 5. Munthu amene sasamala za moyo wake amasamala za kamdzukulu kamene amakafungatira. Nenani mofatsa, osati moopseza: "Agogo, mukayezetse chifukwa cha mwanayu."

Tsiku loyamba akhoza kukana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwereraninso patapita masiku awiri kapena atatu, kapena tumani wina. Koma kudekha kwake kusafike mwezi.

Zimene mukapeze kuchipatala

Yambirani pakiliniki yapafupi. Kumeneko amatenga makhololo n'kuwayeza ndi makina otchedwa GeneXpert, kapena kuwatumiza kuchipatala chachikulu monga cha Karoi, Banket, Concession, kapena zipatala za chigawo ku Chinhoyi, Bindura ndi Marondera. Zipatala za mishoni monga Howard ku Chiweshe ndi Karanda kufupi ndi Mount Darwin nazonso zimathandiza. Nthawi zina amajambulanso pachifuwa. M'zipatala za boma mankhwala a TB ndi aulere, ndipo ndondomeko ya boma imati a zaka 65 kupita m'tsogolo asalipitsidwe ndalama yoonana ndi dokotala, choncho tengani chitupa chawo. Ngati chitupa palibe, kapena ndi chakale chija cholembedwa kuti mlendo, pitanibe mukafotokoze. Musasunge wodwala m'nyumba chifukwa cha pepala. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba kugwira ntchito, ndi nzika.

Akawauza zoyezetsanso HIV asadabwe kapena kukhumudwa. Aliyense woganiziridwa TB amapemphedwa zimenezo, kaya ndi mnyamata kaya ndi nkhalamba. Ndi bwino muwauziretu panjira. Pemphaninso kuti awayeze BP ndi shuga, poti shuga amafooketsa thupi n'kutsegulira TB njira. Ngati anagwirapo ntchito mumgodi, kaya ku Trojan, Shamva, Mhangura kapena kukumba golide pawokha, nenani, chifukwa fumbi la miyala limaumitsa mapapo ndipo TB imakonda mapapo otero. Amene anali olembedwa ntchito pamgodi afunse ku NSSA za chipukuta misozi cha matenda a fumbi.

Mankhwala a TB wamba amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6. Mkodzo umafiira ngati wosakaniza ndi njerwa. Zimenezo zisawaopse, ndi mankhwalawo. Koma maso akasanduka achikasu, akamasanza kosalekeza, akatuluka zidzolo thupi lonse kapena akayamba kuona mwachimbuuzi, bwererani kuchipatala msanga. Vuto lalikulu limabwera mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene chilakolako cha nsima chabwerera ndipo agogo ayamba kunena kuti, "Ndinakuuzani kuti sindikudwala." Akasiyira panjira matenda amabwerera, nthawi zina osamvanso mankhwala oyamba aja. Sankhani munthu mmodzi amene iwo amamukonda kuti aziwapatsira mapiritsi ndi kulemba pakhadi.

Onse a m'nyumba akayezedwe, ndipo ana aang'ono amapatsidwa mankhwala oteteza. Tsegulani mazenera ndi chitseko masana, agogo azikhala panja pamthunzi, ana agone chipinda china ngati chilipo. Koma musawapatulire mbale kapena kapu. TB siyenda m'mbale, ndipo kudya yekha ngati wakhate ndi chimene munthu wamkulu amaopa kuposa matendawo. Akamwa mankhwala mokhulupirika kwa masabata angapo oyambirira, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri.

Pamene simuyenera kupempha chilolezo kawiri

Munthu wamkulu amene mutu wake ukugwira bwino ali ndi ufulu pa thupi lake, ndipo kumumangirira pangolo kapena kumubisira mapiritsi m'phala si njira. Koma pali zizindikiro zimene sizidikira msuweni kapena sahwira: kutsokomola magazi ambiri, kubanika ngakhale atakhala pansi, kupweteka kwambiri pachifuwa, pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka mwadzidzidzi, lilime kulemera, kusokonezeka mutu kumene kwayamba lero kapena dzulo, kulephera kumwa madzi, kapena mkodzo kutsekeka tsiku lonse chikhodzodzo chitatupa. Zikatere pezani galimoto, thirakitala kapena ngolo nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Auzeni mwaulemu kuti, "Bambo, tikupita tsopano, mudzatikalipira tikabwerako." Tengani makhadi awo onse a kuchipatala, mankhwala alionse amene akumwa, bulangete, ndi munthu mmodzi wodziwa bwino Chishona kapena Chingerezi woti akafotokozere anesi tsiku limene zinayamba.