Thermostat Yotseguka Msanga mu Injini Yaliwiro: Mafunso ndi Mayankho

Kodi thermostat imagwira ntchito yanji, nanga yomwe amaitcha "yozizira" ikusiyana pati ndi yomwe inabwera ndi galimoto?

Thermostat ndi kachipangizo kokhala panjira ya madzi pakati pa injini ndi radiyeta, ndipo m'kati mwake muli phula. Injini ikadali yozizira phulalo limakhala louma, njira imatsekeka, madzi n'kumangozungulira mu injini momwemo kuti itenthe msanga. Madzi akafika pa mlingo wodindidwa pa thermostat, phula limasungunuka n'kufufuma, kenako limakankha kachitsulo kotsegula njira yopita ku radiyeta. Siitseguka kamodzin'kamodzi. Imayamba pang'ono, ndipo imatsegukiratu madzi akaonjezera kutentha ndi madigiri 10 kapena kuposerapo. Injini ya LS1 ya General Motors, yomwe inayamba kuikidwa mu Chevrolet Corvette m'chaka cha 1997, inkabwera ndi thermostat ya pafupifupi 86°C. Okonda liwiro ku America amakonda kuichotsa n'kuikamo ya 160°F, ndiko kuti 71°C. Kusiyana kwake n'komweko: ya 71°C imayamba kutseguka madzi asanatenthe kwambiri.

Ndiye kuti ikhoza kuchiritsa injini yomwe imatentha mopitirira muyeso?

Ayi, ndipo apa m'pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi. Thermostat imaletsa injini kuzizira kwambiri. Ilibe mphamvu yoiletsa kutentha kwambiri. Taganizani galimoto yomwe ikukwera phiri masana, geji ikuonetsa 105°C. Panthawiyo thermostat ya 86°C ndi yotsegukiratu, ya 71°C nayonso ndi yotsegukiratu, ndipo madzi odutsa mu ziwirizi ndi ofanana. Zomwe zikulamula kutentha tsopano ndi kukula kwa radiyeta, mphepo yodutsamo, pampu ya madzi ndi fani. Kutsegula chipata m'mamawa sikukulitsa chipatacho. Wina anganene kuti, "Koma ndinaika ya 71°C ndipo geji inatsika." Zoona, imatsika pamsewu wosalala pamene radiyeta ili ndi mphamvu yotsala, ndipo kuyambira pansi kumachedwetsako kutentha kwa mphindi zingapo. Koma mumzere wa magalimoto, kapena pabwalo la mpikisano mutazungulira kangapo, kutentha kumabwerera pomwe kunali kale. Kawirikawiri munthu amene akuyamikira thermostat yatsopano anachotsa yakale yomwe inali itakakamira. Yamlingo woyambirira ikanamuchitira chimodzimodzi. Galimoto ikamabwatitsa madzi, fufuzani radiyeta yotsekeka ndi dzimbiri, chivindikiro chosagwira mpweya, fani yakufa, mpweya wotsekeredwa m'mapaipi kapena gasiketi yopsa.

Nanga okonza magalimoto a mpikisano amaikiranji thermostat yozizira ngati ilibe phindu?

Phindu lilipo, kungoti ndi laling'ono ndipo silibwera lokha. Zitsulo za pamutu pa injini zikatentha kwambiri, petulo amatha kuphulika mosalongosoka m'malo moyaka mwadongosolo, zomwe akatswiri amatcha detonation. Kompyuta ya injini ikamva kugogodako imachedwetsa moto wa mapulagi pofuna kuteteza mapisitoni, ndipo mphamvu imatsika. Injini yozizirirapo imapatsa mpata woti motowo uyake msanga popanda kugogoda, makamaka ngati ili ndi turbo kapena supercharger. Koma kuti mpatawo ugwire ntchito, pafunika kusintha pulogalamu ya kompyuta. Mu Corvette ya LS1, fani imayamba kuzungulira madzi akafika cha m'ma 108°C. Mukaika thermostat ya 71°C osasintha mlingo wa fani, galimoto ikaima idzatenthabe mpaka 108°C, ikanyamuka n'kuzizira kwambiri, geji n'kumangokwera ndi kutsika tsiku lonse. Zitsulo sizikondwera ndi kufutukuka ndi kukhwinyata kotereku.

Kampani ya BMW inaona mbali zonse ziwiri. M'injini zake zina, monga M62, inaika thermostat yomwe imasunga madzi cha m'ma 105°C poyenda wamba, koma dalaivala akaponda moto kompyuta imatenthetsa phula lija ndi magetsi kuti njira itseguke msanga. Apa zikuoneka kuti opanga injini amadziwa ubwino wa kuzizira, koma amaufuna panthawi ya ntchito yolemetsa yokha.

Kuipa kwa injini yozizira n'kotani? Ambiri amaganiza kuti kuzizira ndiye chitetezo.

Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito ili yotentha. Mipata ya pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda inayezedwa poganizira kuti zitsulo zidzafutukuka. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ina imalowa mu oyilo pamodzi ndi petulo wosapsa. Oyilo akatentha mokwanira zonsezi zimauluka. Akapanda kutero zimatsalira, oyilo amasanduka phala lakuda, injini n'kumadyeka pang'onopang'ono osamveka phokoso lililonse. Kompyuta nayo ikaona kuti madzi sanafike pomwe ikuyembekezera, ikhoza kumathira petulo wochulukirapo, ndipo m'magalimoto ambiri imayatsa nyali ya check engine n'kusunga nambala ya vuto ya P0128, yonena kuti madzi akuzizira kuposa mlingo wa thermostat. Amene amayenda maulendo aafupiafupi m'tauni ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa injini yawo siifika n'komwe pa kutentha koyenera.

Kuno kwathu n'kotentha. Kodi si bwino kuchotseratu thermostat?

Amakaniko ena amaterodi ndi magalimoto ochokera ku Japan, ponena kuti thermostat ndi ya kumayiko a chisanu. Koma ngakhale ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, mpweya wa madigiri 40 udakali wozizira kwambiri poyerekeza ndi 82°C yomwe injini zambiri za Toyota zimafuna. Chinanso n'chakuti m'injini zambiri thermostat ikamatsegula njira ya ku radiyeta imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, madzi ena salowanso mu radiyeta, ndipo injini ikhoza kutentha kuposa kale paphiri pomwe mumafuna chithandizo.

Tsono ndani ayenera kuika thermostat yotseguka msanga?

Amene injini yake yawonjezeredwa mphamvu, radiyeta yake ndi yaikulu mokwanira, ndipo ali ndi katswiri wosintha mlingo wa fani ndi nthawi ya moto mu kompyuta, makamaka ngati galimotoyo imakhalira pabwalo la mpikisano ndipo oyilo amasinthidwa pafupipafupi. Ngakhale iyeyo, ngati galimoto imayendanso mumsewu, pa injini ngati ya LS1 kutsika pang'ono kufika cha m'ma 82°C n'kwanzeru kusiyana ndi kudumphira pa 71°C. Koma ngati galimoto yanu ili monga inachokera kufakitale, gulani thermostat yabwino ya mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo, thirani coolant m'malo mwa madzi a pampopi, ndipo ndalama zotsalazo mukatsukitsire radiyeta.