Hard drive ikafa, musathamangire kufomata

Laputopu ikakana kuyaka, kapena hard drive yakunja ikasiya kuoneka pa kompyuta, ambiri timachita zofanana: kuzimitsa n'kuyatsa, kuzimitsa n'kuyatsa, zikakanika n'kuthamangira kwa okonza makompyuta m'tauni. Kumeneko yankho silichedwa: "Bwana, Windows yawonongeka basi, tingofomata n'kuikamo ina." Pofika madzulo makina akuyenda bwinobwino, koma zithunzi za ukwati, kafukufuku wa mwana wa ku yunivesite ndi mabuku a ndalama za golosale, zonse zapita. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri m'mawa wa tsikulo zinthuzo zinali zikadalimo. Chazipha ndi phuma.

Ndiye choyamba, zimitsani makinawo, muganize kaye.

Mkati mwa hard drive muli timbale tosalala tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa timbaleto pamayandama kamutu kowerenga, pa mpata wochepetsetsa moti ngakhale kafumbi kakhoza kuwononga zinthu. Laputopu ikagwa ili chiyakire, kamutuko kakhoza kugunda mbale. Mukayatsanso, kamayamba kupala pomwe palembedwa zinthu zanu, ndipo pamene papalika palibe katswiri angabwezerepo kanthu. Choncho kumbukirani mmene imalirira isanafe. Ngati inkamveka "ke, ke, ke" mobwerezabwereza, kapena ngati chinthu chikukwecha mkati, imeneyo si ntchito ya pakhomo. Musaiyatsenso poyesa mwayi. Musaimenye. Musaiike m'firiji monga ena amalangizira, chifukwa chinyezi chimakakhala pa timbale. Musamasule zomangira zake kuti musuzumire. Makampani odziwa ntchitoyi amaitsegulira m'chipinda cha mpweya wosefedwa, ndipo malo otere alipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mtengo wake ndi wowawa, kawirikawiri woposa wa hard drive yatsopano, ndiye funsani kuti ayambe aipima n'kukuuzani ndalama zake asanagwire kanthu.

Yomwe yagwera m'madzi musailumikize ku magetsi, ndipo kuikwirira mumpunga sikuchotsa madzi ndi litsiro zomwe zalowa mkati. Yomwe yapsa magetsi atabwerera mwamphamvu, nthawi zambiri chapsa ndi kabolodi kobiriwira ka kunsi, timbale tili bwino. Koma kungoikapo kabolodi ka hard drive ina yofanana nayo sikumathandiza kawirikawiri, pokhapokha wokonzayo atasamutsa kachipu kosunga zoyendetsera za hard drive yanuyo.

Mwayi wake, mavuto ambiri si oopsa chonchi. Kawirikawiri chafa ndi laputopu kapena Windows, pomwe hard drive ili moyo. Pemphani wodziwa aichotse, muiike m'kabokosi kolumikizira ku USB kapena pa chingwe cha SATA kupita ku USB, ndiye muilumikize pa kompyuta ina. Ya laputopu, ya mainchesi 2.5, imakhuta magetsi a USB okha; ya kompyuta ya pa tebulo, ya mainchesi 3.5, imafuna adaputa yakeyake ya mavoti 12. Windows ikakufunsani ngati mukufuna kufomata kuti muigwiritse ntchito, kanani. Ikafuna kiyi ya BitLocker, imeneyo ndi manambala 48, ndipo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft yomwe munkalowera pa laputopuyo.

Mafoda akaoneka, musayambe ndi mafilimu. Hard drive yodwala ikhoza kukupatsani ola limodzi lokha, ndiye yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina: zikalata, satifiketi, zithunzi za malemu agogo, ntchito ya kusukulu. Nyimbo mudzapempha kwa anzanu. Mukaona kuti kukopera kukuimaima, fayilo imodzi ikutenga mphindi zambiri, lekani. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imasonyeza thanzi la hard drive. Ikalemba kuti Caution kapena Bad, dziwani kuti mbali zina za mbale zayamba kufa. Pamenepo musayendetse chkdsk, chifukwa imalembalemba pa hard drive yomwe yatopa kale ndipo ikhoza kuduladula mafayilo. Njira yabwino n'kujambula hard drive yonse pa ina yatsopano, yofanana kukula kapena yoposa, pogwiritsa ntchito ddrescue ya pa Linux. Pulogalamuyi imayamba yatola malo osavuta, kudumpha ovuta, kenaka n'kubwerera kukalimbana nawo. Ntchito yonse yotsala muichitire pa kope latsopanolo.

Nanga zomwe mwafufuta molakwitsa, kapena mwafomata kale mwachangu? Fayilo ikafufutidwa, kompyuta siyikolopa pamalopo. Zili ngati mfumu yangolengeza kuti munda uno ulibe mwini: chimanga chikadali chilili, mpaka wina atabwera kudzagalauza. Chilichonse chatsopano chomwe mungasunge pa hard drive imeneyo, ngakhale kungotsegula intaneti pa makinawo, chikhoza kukhala pamwamba pa fayilo mukuifunayo. N'chifukwa chake kuika Windows yatsopano kumawononga zedi. Mapulogalamu aulere monga Recuva ndi PhotoRec amasaka mafayilo otere, ndipo TestDisk imathandiza pamene chigawo chonse cha hard drive chasowa. Koma pulogalamuyo muiike pa kompyuta ina, ndipo zomwe yapeza muzisungire pa fulashi kapena hard drive ina, osati pomwe mukusakapo. PhotoRec imabweza mafayilo opanda maina awo akale, ongokhala ndi manambala, kotero konzekerani kuwatsegula limodzilimodzi. Malaputopu ambiri atsopano ali ndi SSD, yopanda timbale. Pa imeneyi zofufutidwa zimatheratu msanga chifukwa cha dongosolo lotchedwa TRIM, ndiye chiyembekezo chimakhala chochepa.

Ngati mukupita nayo kwa wokonza, nenani mosapita m'mbali musanamupatse: "Achimwene, chimene ndikufuna ndi mafayilo anga, osati makina oyaka. Musafomate, musaikemo Windows, musatsegule hard drive." Mufotokozereni zoona zake, ngati inagwa, inanyowa kapena munayesa kale zina. Mutengere hard drive ina yoti akopererepo, ndipo ngati muli zinthu zachinsinsi, khalani pomwepo pamene akukopera.

Zomwe mwapulumutsa muzisunge malo awiri tsiku lomwelo. Akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB kwaulere, okwanira zikalata zonse za banja, ndipo kope lina likhale pa hard drive yosunga kwa m'bale. Yakale ija musaitaye kapena kuigulitsa mpaka mutatsegula mafayilo ofunika n'kuona ndi maso anu kuti akuwerengeka, chifukwa ena amabwera ndi dzina lokha, mkati muli zosamveka zokhazokha.