Chlamydia: Dzina Limodzi, Mafuko Ambiri

Tikamakambirana za matenda opatsirana pogonana m'makalabu athu kuno ku Chilobwe, timathamangira kutchula chinzonono, chindoko ndi mabomu. Koma pali nthenda ina imene imafala mwakachetechete: chlamydia. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti mu 2020 anthu pafupifupi 129 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anaitenga. Ambiri, makamaka atsikana ndi amayi, saona chizindikiro chilichonse.

Mafuko ake ndi ati?

Nthendayi imayamba ndi kachilombo kotchedwa Chlamydia trachomatis. Monga mtundu umodzi wa anthu umakhalira ndi a Phiri, a Banda ndi a Mbewe, kachilomboka nako kali ndi mafuko ake. Akatswiri amawasiyanitsa powerenga DNA yake, makamaka kachigawo kotchedwa ompA, kamene kamalamulira kapangidwe ka khungu lake lakunja. Mafukowa ali m'magulu atatu:

1. A, B ndi C amayambitsa trachoma, nthenda ya maso imene imafala kudzera m'manja, nsalu ndi ntchentche. Mu 2022, WHO inalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, kukhala dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Africa.

2. D mpaka K amafala pogonana. Amatha kutseka njira za mazira, mtsikana n'kudzalephera kubereka kapena kutenga mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Khanda likatengera pobadwa, limadwala maso kapena chibayo.

3. L1, L2 ndi L3 amafalanso pogonana, ndipo amatupitsa anabele m'mphechepeche. Awa ndi ena mwa tizilombo toyambitsa mabomu.

Kudziwa fuko kuli ndi phindu lanji?

Choyamba, kumathandiza pa mankhwala. WHO imalangiza kumwa doxycycline masiku 7 pa chlamydia wamba, koma masiku 21 pa gulu la L. Amayi oyembekezera amapatsidwa mankhwala ena.

Chachiwiri, kachilomboka kamasintha. Mu 2006, ku Sweden anapeza chlamydia imene inataya kachidutswa ka DNA kamene makina ena oyezera ankafufuza. Anthu odwala ankauzidwa kuti alibe nthendayi, ndipo ankapitiriza kupatsira anzawo mosadziwa. Akatswiri atawerenga DNA ija, njira zoyezera zinakonzedwanso.

Nanga ife titani?

M'zipatala zambiri m'Malawi muno, madokotala amapereka mankhwala potengera zizindikiro zimene wodwala wabwera nazo. Choncho amene sakumva kalikonse amangokhala kunyumba, nthenda ikumudya m'kati. N'chifukwa chake tiyenera kuchita izi:

- Tikamamva kuwawa pokodza kapena m'chinena, tikaona mafinya, chikazi chachilendo kapena chotupa m'mphechepeche, tithamangire kuchipatala, monga ku Zingwangwa, ku Limbe kapena ku Queen Elizabeth.
- Titenge bwenzi lathu kuti nalo likalandire mankhwala, ngakhale likuoneka bwinobwino.
- Timalize mankhwala onse, ndipo tisagonane kufikira tonse titamaliza.
- Tikumbukire kuti kuchira si katemera: tingathe kuitenganso. Tidziletse, kapena tigwiritse ntchito kondomu nthawi zonse.
- Tikayezetsenso magazi, chifukwa chlamydia imachititsa kuti HIV ilowe mosavuta m'thupi.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. N'chifukwa chiyani munthu wopanda zizindikiro angafunikebe mankhwala?
2. Tingayambe ndi mawu otani pouza bwenzi lathu kuti tipitire limodzi kuchipatala?